Madzi a Bambo Ntiamoah

Lachitatu lililonse Boatemaa ankavala nsalu yakuda n'kukwera minibasi kupita ku mochale kukaona amuna ake. Bambo wogwira ntchito pamenepo anali atamuzolowera moti sankafunsanso dzina.

"Mwabwera, mayi? Alipo, sanachoke," ankatero, n'kuseka yekha, kenako n'kukoka kabati yachitatu kuchokera pansi.

A Ntiamoah ankatuluka atagona chagada, kapepala ka dzina lawo katamangidwa ku chala cha kuphazi. Mwezi uliwonse nkhope yawo inkaderaderabe, masaya n'kumalowa m'kati. Koma Boatemaa sankayang'ana masaya. Ankayang'ana milomo. Inali itauma n'kung'ambikang'ambika, yotsegula pang'ono ngati ya munthu amene akufuna kupempha kanthu koma akuchita manyazi.

Kwathu kuno ku Konongo munthu safa lero n'kuikidwa mawa ngati nkhuku. Mtembo umadikira m'filiji mpaka abale atakonzeka, ndipo abale akwathu kufulumira sakudziwa. Komanso mtembo si wa mkazi kapena wa ana. Ndi wa mbumba imene inabala munthuyo, ndipo wonena tsiku ndi mwini mbumba. Mbali ya mkazi ndi kulira basi. Zonsezi Boatemaa ankazidziwa kuyambira ali mtsikana, koma kale zinkagwera anzake.

A Ntiamoah anapata girini khadi, chilolezo chokhazikika ku Amereka, pa maere ali kale ndi imvi. Ananyamuka ndi mkazi wawo ndi mwana wawo mmodzi yekha, Pokuaa, kupita ku Columbus, ku Amereka. Kumeneko bambowo ankasanja makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, Boatemaa ankasambitsa nkhalamba za eni, Pokuaa n'kumaphunzira unamwino. Anakhalako zaka zinayi. Chinatsala n'chaka chimodzi kuti apemphe unzika, n'kuiwala zowerenga masiku. Pakuti a Ntiamoah masiku ankawerenga, ndipo lamulo la khadilo ankalilalikira ngati vesi.

"Khadi limeneli ndi mkazi wansanje," ankatero. "Ukachoka miyezi isanu ndi umodzi, pobwerera likufunsa komwe unali. Ukachoka chaka, ukapeza latseka chitseko."

Bambo ndi mayi anatuluka mu Amereka pa 9 Malichi, Pokuaa n'kutsala, ulendo wa masabata asanu ndi limodzi, kudzaona denga la zipinda ziwiri zimene bambowo anamanga pa malo a mbumba yawo. Pa 28 mwezi womwewo anagwa pakhonde, n'kutsirizika m'takisi asanafike kuchipatala. Boatemaa kunalibe. Anali ku Kumasi, kumsika, kukangana mtengo wa nsomba zouma zokapatsa Pokuaa, amene panthawiyo anali woyembekezera. M'takisimo munalibe amene anakumbuka kuwadonthezera madzi m'kamwa. Ndipo aliyense kuno amadziwa kuti womwalira ali ndi phiri loti akwere asanafike kwa makolo, ndiye sapita ndi ludzu. Palibe anamunena Boatemaa pamaso, koma iye ankadzinena yekha tsiku lililonse.

Tsiku la imfayo a Malume Dapaah, mwini mbumba, anakhoma chipinda cha malemu ndi loko n'kuika kiyi m'thumba, monga mwa mwambo. Katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka mwini wake ataikidwa. M'chipindamo munatsala sutikesi ya a Ntiamoah, ndipo m'sutikesimo munali envulopu ya mapasipoti ndi makhadi onse awiri, chifukwa bambowo sankakhulupirira chikwama cha munthu wina. Munatsalanso wotchi yawo ya pamkono, yoyendabe pa nthawi ya ku Columbus. Tsiku lililonse 2 koloko masana, dzuwa lili phwee, inkalira kuseri kwa chitseko kukumbutsa mwini wake mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ii! ii! ii! Nkhuku zinkadzutsa mitu. Boatemaa ankapezeka waimirira ndi kapu ya madzi m'manja asanadziwe n'komwe kuti waitunga.

Tsiku loyamba limene anasankha la maliro linali m'Juni. Boatemaa anati zili bwino, miyezi itatu si kanthu. Koma m'Meyi munamwalira agogo ena a m'mbumbamo, ndipo mwana sangatsogole mkulu wake kumanda. Tsiku linasunthira ku Ogasiti. M'Ogasiti anthu anaona kuti nyumba ya mbumba yasuluka utoto, ndipo alendo a maliro a munthu wochokera kunja sangakhale pa bwalo lotero. Linasunthira ku Okutobala. M'Okutobala amfumu analetsa ng'oma ndi phokoso lililonse chifukwa cha mwambo wa mipando ya makolo. Kenako Agyenim, mwana wa mlongo wa malemu, amene amathyola matimati ku Italy, anati abwana ake sangamumasule mpaka chaka chatsopano, ndipo wolowa m'malo sangasowe pa maliro.

Akanamuuza poyamba kuti ndi chaka, mwina akanaganiza zina. Koma tsiku lililonse latsopano linkakhala pafupi, miyezi iwiri kapena itatu yokha, loti munthu n'kunena kuti ndipirireko pang'ono. Ndi mmene miyezi inathera.

Mwana wa Pokuaa anabadwa m'Ogasiti, wamwamuna, ndipo anamutcha Ntiamoah. Boatemaa ankamuona pa foni basi. Ankapsompsona galasi la foniyo, n'kulipukuta ndi nsalu.

"Amayi, lero ndi tsiku la 190," anatero Pokuaa tsiku lina, mwana akulira paphewa. "Miyezi isanu ndi umodzi ija yadutsa. Loya akuti panopa akakufunsani mafunso, koma mutha kulowabe. Chaka chokha chisakwane."

"Wayamba kuwerenga ngati bambo ako."

"Nanga awerenge ndani? Ine kuno ndili ndekha. Ndikapita kuntchito mwanayu ndimamusiya kwa mayi wina woti ngakhale chinenero chake sindichimva. Bwerani, Amayi. Mudzabwereranso kukaika maliro."

"Sizitheka zimenezo, mwanawe. Namfedwa sawoloka nyanja mwamuna wake asanaikidwe. Akawoloka, sakhalanso kumutu kwa maliro."

"Ananena ndani?"

"Usandifunse ngati mzungu."

"Adadi akanakhala moyo akanakukwezani ndege okha."

Boatemaa ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo n'chimene chinkamupweteka. A Ntiamoah amoyo akanamukankhira m'ndege. Koma a Ntiamoah a Lachitatu aja anali ndi milomo youma.

M'Novembala, Lachisanu lina, 2 koloko inakwana wotchi osalira. Boatemaa anali ataima kale pakhomo pa chipindacho ndi kapu yake. Anadikira, n'kugunditsa khutu pa chitseko. Munali zii. Mlamu wake Konadu, mchemwali wa malemu, anali kusinja fufu, nsima ya kwathu kuno, pabwalo, ndipo anati batire latha, Mulungu alemekezeke, tipumeko. Koma Boatemaa anachita mantha kuposa kale. Kwa iye zinali ngati bambowo atopa kuitana.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwamva masana. Osati kuwaona ayi, kuwamva chabe. Akamachapa, ankamva munthu akumeza mate kumbuyo kwake, kumeza kovutikira kwa pakhosi pouma. Akatembenuka ankapeza mbuzi kapena osapeza kanthu. Fungo la mankhwala a ku mochale linakana kuchoka m'nsalu zake ngakhale azichape ndi sopo wamtundu wanji. Anaonda, ndipo amayi a kutchalitchi ankamuyamikira kuti akulira mwamuna wake moyenera.

Mu Febuluwale mbumba inakhala pansi pa mtengo wa mango kuti igwirizane tsiku lomaliza. Boatemaa anakhala pampando waufupi cha kumbali, malo a namfedwa. A Malume Dapaah, nkhalamba ya mawu ofatsa imene inkalima mbewu ya koko moyo wake wonse, anatsokomola n'kulengeza kuti Agyenim wagula tikiti, zikwangwani zipite kosindikiza, maliro ndi Loweruka pa 15 Malichi.

Boatemaa anawerenga pa zala pansi pa nsalu. Anawerenganso. Kenako anagwada.

"Malume, pepani, ndilankhuleko. Chaka changa chikukwana pa 9. Tsiku limeneli lapitirira ndi masiku asanu ndi limodzi. Bwanji Loweruka la pa 1?"

"Pa 1 bwalo la tauni atenga a kwa Ofori, akuika mayi awo."

"Nanga pa 8? Ndikhoza kunyamuka madzulo ake."

"Tamvani!" anatero Konadu, akuomba m'manja. "Aike mwamuna wake masana, madzulo ali m'ndege kudya nkhuku ya azungu! Alamu, dothi la pamanda lidzakhala lisanaume n'komwe. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani limodzi, kwanu ndi kuno kapena ndi uko?"

"Konadu, khala chete," anatero a Malume. Anatembenukira kwa Boatemaa. "Mwana wanga, pa 8 Agyenim adzakhala asanafike. Ndiponso masiku asanu ndi limodzi ndi chiyani? Ukawauza azunguwo kuti unali pa maliro a mwamuna wako. Kodi kwawoko anthu safa?"

"Amafa, Malume, koma amaikidwa sabata yomweyo."

Anthu anaseka, ena n'kugwedeza mitu kumvera chisoni anthu osauka mwambo chotero.

A Malume sanaseke. Anaimirira ndi ndodo yawo, n'kuuza Boatemaa kuti awatsate. Pakhomo pa chipinda cha malemu anathira kachasu pang'ono pansi, n'kupepesa malemu mphwawo kuti akulowa nthawi isanakwane. Loko anali atachita dzimbiri. M'katimo bedi linali loyalidwa monga analisiyira, masilipasi ali pansi pake, fumbi lili mbuu. Boatemaa anatsegula sutikesi n'kutulutsa envulopu. A Malume anamuuza kuti atengemo zake zokha.

"Ndaphwanya mwambo chifukwa cha iwe," anatero. "Asadzanene munthu kuti Dapaah anamanga mwana wa eni. Njira ndi iyo. Koma ukawoloka, kumutu kwa maliro kudzakhala wina, ndipo madzi a paulendo sitidziwa adzam'patsa ndani. Mchemwali angathe kum'sambitsa, mphwake angathe kum'gulira bokosi. Madzi amene anasowa tsiku lija ndi a mkazi wake."

Sananene mwaukali. Akanakalipa, bwenzi zili zosavuta.

Pokuaa anatumiza tikiti ya Lachisanu pa 7 Malichi. Anaimba foni katatu kutsimikiza kuti amayi ake aiona. Loya anali atamuuza kuti chaka chikadutsa pamatsala kakhomo kamodzi kopapatiza, ka anthu amene anatsekerezedwa ndi zinthu zoposa mphamvu zawo, monga matenda aakulu. Za munthu amene anali ndi pasipoti m'manja ndi tikiti yomwe, koma n'kukhala dala, loyayo anangopukusa mutu. Ndipo Pokuaa sakanatha kuitanitsa amayi ake mwatsopano mpaka iye mwini atakhala nzika, kenako kudikiranso zaka zimene palibe ankadziwa kuchuluka kwake.

"Amayi, ndikukupemphani," anatero. "Adadi anapita. Uyu ali moyo, wayamba kukwawa."

"Ndamva. Ndikubwera."

Lachitatu pa 5 anapita ku mochale kukatsanzika. Anatenga kabotolo ka madzi m'chikwama, poganiza kuti mwina angachite mwambowo yekha mwakachetechete, nkhani n'kutha. Koma bambo wa pamochale uja atauona m'manja mwake anagwira dzanja lake.

"Ayi, mayi, muno ayi. Madzi aundana pakamwapo, milomo n'kusweka. Ndiye pa tsiku la maliro abale adzati ndawononga nkhope ndine. Komanso munthu amamwa ali pa ulendo, atavala, osati ali m'kabati. Dikirani adzatuluke."

Anabweza botolo m'chikwama. Anawauza a Ntiamoah chapansipansi kuti akupita kwa mdzukulu wawo, kuti ndi iwo omwe anamuphunzitsa kuopa chaka, kuti amukhululukire. Kabati inatsekedwa.

Lachisanu m'mawa anakwera basi ya ku Accra. Palibe wa pakhomopo anamuperekeza ku siteji. Konadu anali kusesa pabwalo ndipo sanadzutse mutu. M'basimo Boatemaa anakhala cha pawindo, envulopu ataimangirira m'chiuno pansi pa nsalu. Mpando wa pambali pake unali wopanda munthu, ngakhale kuti kondakitala anali atalumbira kuti basi yadzaza.

Pa Nkawkaw basi inaima kuti anthu agule buledi. Kunkatentha kwambiri. Mayi wina wa beseni pamutu anafika pawindo ndi madzi ozizira a m'timapepala, ndipo Boatemaa anagula kamodzi. Analuma ngodya ya kapepalako, madzi n'kufika pa lilime. Pamenepo anamva kumeza kuja, pafupi penipeni, pa mpando wopanda munthu uja. Madzi anakana kutsika. Anayesa kachiwiri, n'kutsamwa mpaka anthu a kumbuyo anayamba kumumenya pamsana.

"Mayi, muli bwino?" anafunsa kondakitala.

"Nditsitsireni sutikesi yanga."

"Kuno si ku Accra."

"Ndikudziwa. Nditsitsireni."

Anafika ku Konongo dzuwa likupendeka. Konadu atamuona akulowa pachipata akukoka sutikesi, anagwetsa mtsuko umene ananyamula, n'kuthamanga kukamukumbatira akulira. Tsiku limenelo anamuphikira yekha msuzi wa nsomba, ndipo sanamutchulenso mlamu koma mchemwali.

Kuuza Pokuaa ndiye kunali kovuta. Mwanayo sanakalipe. Anangonena kuti akuchedwa kuntchito. Pa 9 linali Lamulungu. Boatemaa anapita kutchalitchi, anabwerako, anasenda chinangwa, ndipo tsikulo linatha ngati masiku ena onse.

Maliro anali aakulu, oti anthu a ku Konongo akuwakambabe. Matenti anadzaza bwalo lonse la tauni, ng'oma zinachokera ku Kumasi, Agyenim anabwera ndi nsapato zosongoka. M'mawa wa Loweruka a Ntiamoah anagonekedwa pa bedi la mkuwa atavala nsalu yaulemu ya kente, nkhope itapakidwa mafuta, ooneka bwino kuposa mmene Boatemaa anawaonera miyezi yonse ija. Amayi achikulire anamutsogolera kumutu. Anamupatsa chikho. Anaviika zala n'kudonthezera pa milomo katatu.

"Imwani, bambo a Pokuaa," anatero. "Ndinachedwa kumsika. Imwani, muzipita."

Madzi analowa. Boatemaa analira kulira kumene anali asanalirepo chaka chonsecho, ndipo atatha anamva njala, nadya. Kuyambira tsiku limenelo sanamvenso munthu akumeza kumbuyo kwake. Zimenezo tisamunamizire, mtima wake unapepuka ndithu.

Lolemba mbumba inakhalanso pansi pa mango kugawa za malemu. Agyenim analowa m'malo mwa malume ake, ndipo zipinda ziwiri zija, poti zinamangidwa pa malo a mbumba, zinapita kwa iye. Anati aikamo anthu a lendi asanabwerere ku Italy. Palibe anadabwa, ngakhale Boatemaa yemwe. Kenako a Malume Dapaah anamuitana pakati pa bwalo. Maso awo anali ndi misozi.

"Mwana wanga, watilemekeza. Akazi a masiku ano akanathawa, iwe unakhala. Lero ukwati wako ndi mphwanga watha mwamtendere, tilibe nawe mangawa. Wamasuka. Pita kwa mwana wako ndi mdzukulu wako, akudikira kalekale. Ukawapatse moni."

Anthu anaomba m'manja. Boatemaa anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona nkhope zonse zikumumwetulira, zokondwa kuti zamuchitira chilungamo. Anawerama n'kuthokoza.

Mbiri inamveka m'tauni kuti mayi a ku Amereka akubwerera. Lachiwiri m'mawa, Boatemaa atakhala pakhonde la chipinda chimene sichinalinso chake, anthu anayamba kufika. Mayi wina anabwera ndi tsabola wokazinga m'botolo, wa mwana wake wa ku Bronx. Wina anabwera ndi nsalu ziwiri za mlongo wake wa ku Virginia, nambala ya foni italembedwa pa kapepala. Mkazi wa abusa anabweretsa mafuta odzola a mwana wakhanda, n'kunena kuti kuzizira kwa kumeneko kumang'amba khungu. Boatemaa ankalandira chilichonse ndi manja awiri n'kuika pambali pake. Pofika masana mulu unali utafika m'chiuno.

Konadu anatuluka m'khitchini ndi nsomba zouma zokulunga bwino m'nyuzipepala, ndi timikanda ta m'chiuno timene anatunga yekha.

"Izi n'za Pokuaa, iti n'ta mwana. Ukamumange wekha, usapatse wina," anatero. Anayang'ana muluwo n'kuseka. "Koma anthuwa alibe chisoni! Zonsezi zikwana m'sutikesi imodzi? Dikira ndikabwereke sikelo kwa a Malume, tiyeze. Ndege ndi ya liti, mchemwali?"

Boatemaa anayang'ana timikandato m'dzanja lake. Tinali tating'ono, ta chiuno cha mwana wa miyezi isanu ndi iwiri.

"Uwonjezere ulusi," anatero. "Podzafika ine adzakhala atakula."